Walira Mthunzi Walira Masamba

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mwambi umenewu unapangidwira kumunda, koma m'tauni muno umatipeza mu Okutobala aliyense. Timadandaula kuti dzuwa likuswa mtengo, chonsecho mtengo woti liswe tinadula kalekale.

Mthunzi aliyense amaufuna. Pitani pa siteji ya maminibasi masana mukaone. Pansi pa kamtengo ka kesha kamodzi paunjikana akabaza, amayi a mandasi, mnyamata wa mayunitsi ndi galu wosadziwika mwini wake. Kenako pakufika bambo wa galimoto, akuliza hutala kuti onse asunthe, galimoto yawo isapse. Bambo omwewo kunyumba kwawo anagwetsa mitengo ya mango yonse. Mukawafunsa, milandu ya mtengo ndi yambiri. Masamba ankadetsa pabwalo. Mizu ikanang'alula mpanda. Ana a aneba ankagenda mango, miyala n'kumagwera pamalata. Mlandu waukulu ndi woti usiku wina panatera kadzidzi n'kulira kawiri. M'mawa mwake nkhwangwa inagamula, popanda mboni.

Malandilodi nawo ali ndi nzeru zawo. Pamene panali mtengo wa mapeyala amamangapo chipinda china cha lendi, malo otsalawo n'kuthira simenti mpaka kugeti. Alendi amagona mmenemo ngati mbatata paphulusa lamoto, ndipo mvula ikagwa madzi amasowa polowera, amangopita kukacheza m'khitchini mwa aneba akumunsi.

Sikuti sitibzala. Chaka chilichonse nyengo yobzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala n'kutsekedwa pa 15 Epulo. Bwana amabwera atatchena suti, amapatsidwa khasu latsopano, amagwada mosamala kuti bondo lisade. Zithunzi zimafika pa Facebook mbande isanamwe n'komwe madzi. Aliyense akabalalika, komiti yeniyeni imayamba ntchito: mbuzi kumtunda, chiswe kumizu. Chaka chamawa timadzabzalanso m'dzenje lomwelo, ndiye mwayi wake sitivutika kukumba.

Lilongwe, amene anakhala likulu mu 1975, anakonzedwa kuti akhale mzinda wa mitengo, nkhalango ili pakati penipeni m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Lero misewu yakula, inde, koma woyenda pansi akuyenda ndi ambulera kopanda mvula. Ku Blantyre, phiri la Ndirande linametedwa mpala ife tikuona. Ndipo pa za mapiri ometedwa nthabwala zimathera panjira, chifukwa mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atafika, matope otsika m'phiri la Soche anatenga nyumba ndi miyoyo ku Chilobwe.

Mtengo subwera wokha. Umabwera ndi masamba ogwa, mbalame zoipitsira zovala pachingwe, mileme, ndi ana okwera mpanda. Wofuna kamphepo kayaziyazi avomere zonsezo. Bzalani mango patali ndi khoma, mizu isayambane ndi maziko. Mbande muitchingire ndi minga, muziithirira madzi otsukira mbale mpaka ikhwime. Ana akagenda, atchorereni awiri azipita. Kadzidzi musiyeni, akukugwirirani makoswe ulere.

Za masambazo, gulani tsache. Ndi lotchipa kuposa fani, ndipo siliyembekeza kuti magetsi ayake.