Ng'oma Yoliritsa ya Lamulungu M'mawa

Akuluakulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Amene akufuna kuimva ng'omayo masiku ano adutse pakhomo la banja lopemphera Lamulungu m'mawa, kutatsala mphindi 20 kuti mapemphero ayambe.

Sokosi imodzi yasowa. Chitsirizira wathira phala pa malaya oyera a bambo, amene ndi mkulu wa mpingo. Chisamba wamaliza bandulo ya mayi pa TikTok usiku. Basi ng'oma yayamba: "Iwe! Kodi ndinabereka munthu kapena mbuzi?" Aneba mpaka kutsitsa wailesi kuti amve bwino. Pakatha ola limodzi, pakamwa pomwepo pakutuluka "Mtendere wa Ambuye ukhale nanu," ana ali pa benchi kumangoyang'anana.

Makolofe tili ndi vesi lathu lapamtima, Miyambo 13:24, la mkwapulo lija. Ngakhale amene sadziwa kuti Habakuku ali pati amalitchula osatsegula Buku Lopatulika. Aefeso 6 timawerenga mokweza mpaka vesi 3, pamene ana akulamulidwa kumvera ndi kulemekeza makolo. Tikafika vesi 4, pamene Paulo akutembenukira abambo kuti asamapute mkwiyo wa ana awo, magalasi amasowa mwadzidzidzi.

Komatu Mose anaiona nkhaniyi. Pa Numeri 20, Mulungu anamuuza kuti alankhule ndi thanthwe. Iye, atatopa ndi madandaulo a Aisraeli, anawakalipira kenaka nkulimenya kawiri ndi ndodo. Madzi anatuluka ndithu, anthu ndi ziweto zawo nkumwa. Msampha uli pamenepo: kukalipa kumagwira ntchito. Mbale zimatsukidwa, sokosi ija imapezeka pansi pa mphasa. Koma Kanani uja Mose anangomuonera patali, ali pa phiri la Nebo.

Ndiye ana amasiku ano ndi akatswiri a masamu. "Iwe!" woyamba amadziwa kuti ndi belu chabe. Wachiwiri amangosuntha mwendo. Amadzuka mukatchula dzina lonse la pa khadi ya ubatizo, limodzi ndi mfunda. Chaka chamawa ngakhale limenelo silidzakwanira, mudzafunika mawu okwera kuposa pamenepo. Amene akung'ambika ndani? Mawu asasa ndi anu, mutu ukuwawa ndi wanu, mwana akudya mkute mwamtendere. Enanso analoweza kale 116, nambala yaulere yothandiza ana ija, pamene Salimo 23 likuwavutabe.

Tinene zoona, mkwiyo wambiri mwana amangoulandira, mwini wake ndi wina. Mayunitsi a magetsi atha, abwana akunyozani pagulu, shuga wakweranso mtengo. Abwanawo simungawayankhe, koma kapu ikasweka pakhomo mlandu wonse wapeza pogwera.

Baibulo silinanene kuti kholo lisakwiye. Aefeso 4:26 amangoika malire akuti dzuwa lisalowe mkwiyo ukadalipo, ndipo kuno kwathu limalowa cha m'ma 6 koloko, choncho nthawi ndi yochepa. Tulukani panja, imwani madzi, pempherani ngakhale mano ali chilumire. Mukabwerera, khalani pansi, muitaneni ndi dzina limodzi lokha, nkumuuza motsitsa kuti foni saigwira mpaka Loweruka. Ngati munamutcha mbuzi, pepesani. Ukulu wa mpingo sakulandani.

Konzekani kuti mwanayo adzakuyang'anani nthawi yaitali, ali ndi mantha enieni, kenaka nkufunsa: "Ababa, mukudwala?"