Ulemu kwa a NC, mpakiri wosatopa

Pamaliro m'makomboni a Lusaka monga ku Chawama ndi ku George anthu atukwana kachirombo ka HIV kwa zaka zoposa 30, koma wantchito wake wokhulupirika palibe anamutchulapo. Lero alandire ulemu wawo a NC, kapuloteni ka ma amino asidi 55 okha.

Malangizo onse a kachirombo ali pa ulusi wa RNA wa zilembo zoposa 9,000, ndipo m'kachirombo kalikonse maulusiwo amakhala awiri. Ulusi wotere ukausiya wokha umapotana chisawawa. Apa ndiye a NC amaonetsa ukatswiri: pamene papindika molakwika amamasula n'kupindanso bwino, amalumikiza maulusi awiriwo, kenaka amawakuta ndi kuwapanikiza mpaka akwane m'kachibade kosaoneka ndi maso. Kondakitala wa minibasi ya ku Kanyama, amene amanyadira kukhazika anthu anayi pampando wa atatu, apite akaphunzire.

Maso awonso ndi akuthwa. Akadali mbali ya puloteni yaikulu yotchedwa Gag, amasankha RNA ya abwana awo pakati pa unyinji wa RNA ya munthu, poona chizindikiro chotchedwa psi. Kachidutswa ka tRNA kobedwa m'selo yathu, koyambira kukopera malangizowo, amakamata pamalo pake ndi iwo omwe. Zambiri mwa izi amachita ndi zala ziwiri, chala chilichonse chitagwira atomu imodzi ya zinki. Ku Kabwe anakumba zinki mpaka 1994, n'kusiyira ana mtovu m'magazi. Kwa a NC maatomu awiri okha akwana, osasiya ndi dzenje lomwe.

Nanga kuzemba milandu! Chiyambire 2004, pamene zipatala zam'makomboni a Lusaka zinayamba kupereka ma ARV aulere, anzawo akhala akukwapulidwa tsiku ndi tsiku. Piritsi la TLD limamenya mapuloteni anzawo otchedwa reverse transcriptase ndi integrase. Asayansi ayesa kupanga mankhwala osolola zinki m'zala zija, koma ovomerezeka olimbana ndi a NC kulibe mpaka pano.

Amene akuwachita chipongwe ndi amayi aku Mtendere ndi Matero, amene amameza piritsi lawo tsiku lililonse osaphonya. Akakapimitsa magazi, makina sapezanso kachirombo, ndipo amayiwo sapatsiranso amuna awo. Katswiri ngati ameneyu, zala zili bwinobwino, n'kumusowetsa katundu wopakira? Nkhanza zenizeni.