Safunsa wagula foni

Pali munthu mmodzi amene makolo athu anamupachika dzina loipa, ndipo mpaka lero sanamukhululukire: Safunsa anadya phula. Mlandu wake unali wochepa. Anamuikira chisa cha njuchi patsogolo, iye poopa kuoneka mbuli sanafunse kuti chodyedwa n'chiti, basi n'kuyamba kutafuna phula. Koma musamudandaulenso, bamboyu anasintha. Anagula foni yamakono, bandulo samusowa, ndipo chitulukireni makina oyankha mafunso a ChatGPT mu Novembala 2022 amangokhalira kufunsa. Mutu ukamuwawa amafunsa, kalata yofunsira ntchito amafunsa, ngakhale mawu okalankhula pachinkhoswe cha mphwake amafunsa komweko. Makinawo samuseka, satopa naye, ndipo sakanena kuchigayo kuti a Safunsa sadziwa kulemba kalata. Manyazi amene ankamutseka pakamwa anatha. Chodabwitsa n'chakuti phula likudyedwabe, ndipo akulidya tsopano ndi anthu ofunsa.

Umboni suchita kusowa. Mu Meyi 2024 kampani ya Google itayamba kuika mayankho a makina otere pamwamba pa zimene munthu wafufuza, wina anafunsa chochita kuti tchizi asamasendemuke pa pizza. Makina anamulangiza kuti athiremo guluu pang'ono, bola akhale wopanda poizoni. Winanso anauzidwa kuti kudya kamwala kamodzi patsiku n'kothandiza m'thupi. Malangizo onsewa anachokera m'nthabwala zimene anthu analemba kale pa intaneti, makina n'kuzitola ngati mawu a dokotala. Wina anganene kuti zotere zimapusitsa osaphunzira okha. Nanga maloya ena a ku New York? Mu 2023 anapereka kukhoti chikalata chotchula milandu yakale yoikira kumbuyo mfundo zawo, pamlandu wokhudza kampani ya ndege ya Avianca. Milanduyo inali ndi mayina, zaka ndi zigamulo, zonse zooneka bwino, kungoti sinachitikepo chilengedwere dziko. Anaipeka ndi ChatGPT. Woseketsa kwambiri ndi loya amene, atayamba kukayika, anafunsa makina omwewo ngati milanduyo inali yoona, makina n'kumutsimikizira kuti inde. Khoti linawalipiritsa chindapusa cha madola 5,000. Amenewo ndi anthu a madigiri, ndipo phula analimeza atavala suti.

Gwero la vutoli lili m'kapangidwe ka makinawa. Anawadyetsa zolemba zankhaninkhani, ndipo ntchito yawo ndi kulosera mawu oyenera kutsatira mawu anzake. Nthawi zambiri kuloserako kumagwera pachoona, chifukwa choona ndicho chinalembedwa kwambiri. Koma pamene sakudziwa, liwu lawo silisintha. Amayankha mwaulemu ndi motsimikiza chimodzimodzi. Mkulu wa pamudzi mukamufunsa zimene sakuzidziwa amakanda mutu, n'kunena kuti "kaya, kafunseni a Nabanda, ndiwo analima fodya", ndipo "kaya" ameneyo wapulumutsa anthu ambiri. Mwambi wa Safunsa uja unapangidwa nthawi imene woyankha anali ndi nkhope, khomo ndi mbiri yoti aiteteze. Unkalimbana ndi munthu wouma pakamwa chifukwa woyankha anali wodalirika kale. Lero mavuto asamukira kwa woyankhayo.

Ena atsutsa kuti nawonso akuluakulu ankaphonya, ndipo n'zoona. Ndi angati anauzidwa kuti mwana akadya mazira adzadwala khunyu? Komatu mkulu wokusocheretsani mumadziwa kwawo. Mumapita kukamudandaulira, zikavuta nkhani imafika kwa amfumu, ndipo mawa lake mudzi wonse umadziwa kuti malangizo ake ndi oyamba wawayesa. Makina mukawasumira kwa yani? Ku Canada funsoli linafikadi pabwalo la milandu. Makina oyankha makasitomala a Air Canada anauza munthu wina wopita kumaliro a agogo ake zabodza zokhudza kuchotsera mtengo wa tikiti, ndipo kampaniyo inayesa kudzikanira kuti makinawo ayankhe okha pazonena zawo. Mu Febuluwale 2024 bwalo linakana nzeru imeneyo n'kulamula kampani kuti ilipire. Tangoganizani mwini mbuzi akuuza amfumu kuti mbuzi yadya chimanga mwakufuna kwake, ndiye muifunse yomweyo. Enanso akuti tidekhe, makinawa akunka nawongokera. Akuwongokeradi, koma pamenepo m'pamene pali msampha, pakuti woyankha amene amalondola kawirikawiri ndiye amene timasiya kumuunika. Guluu pa pizza aliyense amuzindikira. Mlingo wolakwika wa mankhwala a mwana, wolembedwa m'Chichewa chosalala, ndi ochepa angautulukire.

Mtsutso wolemera kwambiri ndi wa mlimi. Kumidzi yambiri mlangizi wa zaulimi amaoneka mwa apo ndi apo, pomwe mbozi za ntchemberezandonda sizidikira kuti njinga yake ikonzedwe. Kodi munthu wotere tingamuuze kuti asafunse foni? Ayi ndithu, ndipo kuno ku Malawi kuli kale chitsanzo cha njira yabwino. Bungwe la Opportunity International linayambitsa Ulangizi, makina oyankha alimi pa WhatsApp m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Mayankho ake amachokera m'buku la malangizo la Unduna wa Zaulimi, ndipo pakati pa mlimi ndi foni pamakhala munthu wophunzitsidwa wa m'dera lomwelo. Choncho yankho lili ndi kwawo, komanso pali wina womuloza chala zikalakwika.

Zaka zikubwerazi makina otere adzalowa paliponse: kuchipatala, kubanki, kusukulu, mwinanso m'nkhani za maukwati, kumene ankhoswe ayenera kuyamba kuda nkhawa ndi nkhuku zawo. Adzalankhula ndi mawu, adzamva Chichewa cha ku Dedza ndi cha ku Chipata, ndipo osadziwa kuwerenga nawonso adzafunsa. Funso loyamba lidzakhala lotchipa kuposa mchere. Lodula lidzakhala lachiwiri, loti "mwazitenga kuti zimenezi?", ndiponso kudzuka pampando kukaonetsa yankholo kwa namwino kapena mlangizi. Makampani opanga makinawa akudziwa zimenezi, n'chifukwa chake pansi pa bokosi lofunsira amalembapo kuti makinawa amatha kulakwitsa ndipo muzitsimikizira nkhani zofunika. Amalemba ndi tizilembo tating'ono kwambiri, pamalo pomwe chala chachikulu chimaphimba munthu akagwira foni.