Ulemu Upite kwa Msasa wa Kudimba ndi Galu Wake

Anthu otamanda Ryalls ndi Mount Soche ku Blantyre tiwakhululukire, sanagonepo mumsasa wa kudimba ku Makhanga. Kumahotelako munthu amalipira kuti chipinda chizizire. Kwa Mlolo, kufupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, mphepo imalowa yokha mbali zonse, poti khoma la bango silidziwa kukaniza mlendo. N'zoona kuti mu Okutobala mphepoyo imafika itatentha kupitirira madigiri 40, koma ndani amadandaula ndi chaulere?

Mamangidwe ake ndi mphanda zinayi, bango, udzu ndi mlaza womangira, basi. Simenti ayi, pulani yopita nayo kukhonsolo ayi. Komatu pa zomangidwa zonse za m'derali, msasa wokha ndiwo madzi alephera kuusaukitsa. Njanji imene inadutsa pa Chiromo n'kufika ku Blantyre mu 1908 inamangidwa ndi akatswiri, koma mu 1997 madzi anaidula pakati pa Makhanga ndi Bangula, ndipo anthu anabwerera kubwato. Mu Januwale 2015 Ruo anadzipezera njira yatsopano, Makhanga n'kusanduka chilumba. Kenako kunabwera anamondwe: Ana mu 2022, Freddy mu Malichi 2023. Mlatho ukagwa umadikira misonkhano, akafukufuku ndi ndalama zakunja. Msasa nawo umapita ndi madzi, sukana, koma akangophwa mwini wake amaudzutsa tsiku limodzi n'kugonamo usiku womwewo. Sunavutitsepo mlembi aliyense kuti auike pamndandanda wa zowonongeka. Boma likamanena kuti anthu asamukire kumtunda, msasa umangokhala chete, chifukwa umadziwa chimene chimawabweza: matope amene madziwo amasiya amabereka chimanga ndi mbatata m'chilimwe, pamene kumtunda kuli fumbi lokhalokha.

Oimba usiku ndi udzudzu wa ku Dambo la Njovu. Livingstone anapeza njovu zambirimbiri kumeneko mu 1859. Njovuzo zinatha kalekale, koma udzudzu, poti ndi wokhulupirika, sunasamuke. Dambolo linalowa m'gulu la madambo otetezedwa a Ramsar mu 2017, ndipo ndikaona mmene udzudzuwo ukulumira masiku ano, ndikukhulupirira kuti uthengawo unaufika. Neti ikakhala ndi kabowo kamodzi, onse amalowera pomwepo mwa dongosolo, popanda kukankhana.

Tsono galu. Uyu ndiye mwini ulemu wonse. Nthiti zake mutha kuziwerenga muli patali, makutu anadyeka ndi ntchentche, malipiro ake ndi mkute ndi mutu wa mlamba, koma sanapemphepo kuti muwonjezere. Utitiri wake amagawana nanu mosaumira. Ntchito yake yaikulu ndi kuonetsetsa kuti mlonda asagone, ndiye amauwa mwezi, amauwa achule, amauwa mphepo, nthawi zina amauwa chifukwa galu wa tsidya lina, ku Mozambique, wauwa. Mukamukalipira amakuyang'anani mwachisoni, podziwa kuti simumvetsa za chitetezo.

Nzeru zake zenizeni zimaoneka mvuu ikavuuka. Chinyama chimenechi chimatha kudya makilogalamu ngati 40 usiku umodzi, ndipo chikapeza chimanga chanthete sichifunanso udzu. Galu akangomva fungo lake amauwa kawiri, mwamphamvu ndithu, kenako n'kukabisala kumbuyo kwa miyendo yanu. Osadziwa amati ndi mantha. Ayi, n'kudziwa malire a udindo: iye ndi wolengeza, inu ndinu womenya chitini ndi kugwedeza muuni. Mvuu ikabwerera kumadzi, iye amatulukanso n'kuuwa mpaka mawu kusasa, kuti madimba oyandikana adziwe amene wapambana. Kumtsinje sakuperekezani, amaima patali n'kumakuonererani mukutunga. Za ng'ona anaphunzira bwino kuposa inu.

Kukacha mumadzuka msana uli gwa, nkhope ili zitupsa, maso ali psuu. Mayi a kunyumba amafika ndi mphika pamutu, n'kuyamba ayendera mizere asanakupatseni moni. “Bambo a ana, mizere itatu iyi yapita kuti?” Inu mukuyamba kufotokoza za mdima ndi kukula kwa mvuuyo, galu wawathamangira kale, mchira uli pukupuku, ndipo mbamu yoyamba ya nsima yagwera iye.