Chitamando cha Galimoto Yapamwamba Yofera ku Senga Bay

Olemba za chitukuko cha boma la Salima amakonda kutchula mpunga wa ku Lifuwu, doko la Chipoka, usipa wa ku Senga Bay ndi malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 amene anayamba kugwira ntchito mu 2021, koma amaiwala mthandizi wina amene safuna ngongole ya boma kapena mwambo wodula riboni, ndiye galimoto yapamwamba yogulidwa itayendapo kale kunja, makamaka pa nthawi imene yawonongeka. Galimoto imene ikunenedwa pano ndi ya mtundu wa SUV, kutanthauza yaitali msinkhu, yokoka ndi matayala onse anayi, yopangidwa kuti iziyenda m'tauni ndi m'tchire momwe, ndipo mwa zodziwika za mtunduwu pali Porsche Cayenne, imene inatuluka mu 2002, ndi Range Rover Sport ya mu 2005. Ikamayenda bwino, galimoto yotere sipindulira wina aliyense kupatula mwini wake ndi wogulitsa petulo, popeza imadutsa pa Kamuzu Road m'tauni ya Salima magalasi ali otseka, koma ikangodwala imasanduka chuma cha mudzi wonse.

Ambiri mwa magalimotowa amachokera ku Japan ndi ku Britain, maiko amene amayendetsa kumanzere kwa msewu monga Malawi. Ku Japan galimoto imayesedwa mwa lamulo ikatha zaka zitatu, kenako pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo mtengo wa kuyesako ndi kukonza kwake umakakamiza eni ake ambiri kuigulitsa isanayambe kuwasautsa. Imatsikira pa doko la Dar es Salaam kapena la Durban, nkulowa m'dziko muno kudzera pa zipata monga Songwe ndi Mwanza, pamene bungwe la MRA limaiwerengera msonkho poyang'ana kukula kwa injini ndi zaka zake. Apa mpamene pali phunziro lake loyamba, lakuti wogula amalipira mtengo wa galimoto yakale pomwe masipeya ake amagulitsidwabe pa mtengo woyenera galimoto yatsopano, ndiponso m'ndalama zakunja, moti kutsika mphamvu kwa kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mwini wake anakumvetsa msanga kuposa ophunzira ambiri a zachuma.

Khalidwe lotamandika koposa la galimotoyi ndi kudzichepetsa. M'malo mwa masipuling'i achitsulo, ambiri mwa magalimotowa amakhala pa matumba anayi a labala odzaza mpweya, njira imene Range Rover inayamba kugwiritsa ntchito mu 1992. Mpweyawo umapopedwa ndi kompuresa, amene ndi pampu yaing'ono yamagetsi, umadutsa m'kabotolo kouumitsa chinyezi, nkugawidwa ndi mavalavu ku tayala lililonse motsatira uthenga wa masensa, tizipangizo toyeza kutalika kwa ngodya iliyonse kuchokera pansi. Labala akakalamba amang'aluka pamene amapindika, mchenga wa kunyanja ukalowa m'mapindomo umamupala pang'onopang'ono, ndipo mpweya umayamba kutuluka usiku anthu ali mtulo. Chotero bwana amene anafika madzulo pa malo ogona alendo akuyang'ana anzake ali pamwamba, amadzuka m'mawa nkupeza galimoto yake itagwada pamaso pa mlonda ndi amayi osesa pabwalo, ulemu umene mwini wakeyo sanaupereke polowa pa geti.

Kufufuza vuto limeneli kumafuna zida zochepa modabwitsa. Makaniko wodekha amayeza ndi tepi kuchokera pakati pa tayala kufika pa mkombero wa bodi m'ngodya zonse zinayi, amachotsa fyuzi ya makinawo kuti galimoto isamadzilinganize yokha usiku, ndipo m'mawa amayezanso, pakuti ngodya imene yatsika yokha ndiyo imaloza kumene kukudontha. Kenako amasungunula sopo m'botolo la madzi nkuwaza pa thumbalo ndi polumikizira mapaipi, ndipo pamene patuluka thovu mpamene pali bala. Sopo wochapira wa pagolosale amagamula mlandu wa galimoto ya mamiliyoni ambiri, zimene payokha ndi nkhani yokondweretsa. Makaniko wopupuluma amathamangira kusintha kompuresa chifukwa ndiye wapsa, osalingalira kuti wapsa chifukwa chopopa osapuma m'thumba lobooka, ndipo kompuresa watsopanoyo amapsanso pakapita masabata owerengeka, zimene zimapatsa galimotoyo mwayi wophunzitsa phunziro lomwelo kachiwiri kwa amene sanalimve.

Mphunzitsi wachiwiri ndi kanyali kachikasu ka pa dashibodi kojambulidwa ngati injini. Kuyambira mu 1996 ku United States, ndi mu 2001 ku Ulaya pa magalimoto a petulo, galimoto iliyonse yatsopano imayenera kukhala ndi polumikizira pa mano 16 pafupi ndi chiwongolero, potsatira dongosolo lotchedwa OBD-II, pamene makaniko amalumikizapo kachipangizo kowerengera zimene kompyuta ya galimoto yasunga. Kachipangizoka kamatulutsa nambala, mwachitsanzo P0171, imene imangonena kuti mbali imodzi ya injini ikulandira mpweya wochuluka poyerekeza ndi mafuta. Nambalayi imalankhula ngati woombeza ula amene amauza banja kuti vuto lachokera pachibale koma osatchula dzina, pakuti wolakwa angakhale paipi yong'ambika yoyamwa mpweya wosayezedwa, sensa yoyeza mpweya imene yakutidwa ndi fumbi la mu Okutobala, sefa ya mafuta yotsekeka, kapena pampu ya m'thanki yofooka. Anthu osayamika amati makinawo amabisa mawu mwadala, koma kunena zoona amalemekeza nzeru za munthu pomusiyira mbali ya ntchito, ndipo mbaliyo ndi kuyesa wokayikiridwa mmodzimmodzi kuyambira wotsika mtengo.

Wotsika mtengo koposa onse ndi batire, amene nthawi zambiri amakumbukiridwa pomaliza. M'galimoto yotere muli makompyuta ang'onoang'ono ambiri amene amalankhulana pa mawaya awiri opotana, ndipo mphamvu yamagetsi ikachepa onse amayamba kudandaula nthawi imodzi, ya mabuleki, ya giyabokosi ndi ya matumba a mpweya, mpaka galimoto kulowa mu limp mode, ndiko kudzichepetsera mphamvu yokha nkukana magiya ena kuti isavulale. Batire wodzaza amaonetsa mavolti pafupifupi 12.6 injini itazima, ndipo injini ikamalira alternator, imene imatchaja batire, iyenera kukweza mphamvuyo kufika cha m'ma 14. Kutentha kwa m'mphepete mwa nyanja kumakalambitsa batire msanga, ndiye si zachilendo kuti mndandanda woopsa wa mavuto khumi uthe pongotsuka mitu ya batire ndi kumanga bwino waya wa ku bodi, ngakhale kuti bwana amene wayitanitsa kale katswiri kuchokera ku Lilongwe sakondwa kumva kuti matenda a galimoto yake ndi ofanana ndi a minibasi.

Pa nkhani ya mafuta galimotoyi ndi mboni yosalandira chiphuphu. Injini ya malita 5 yokhala ndi supercharger, pampu yokankhira mpweya wambiri m'masilinda, imene inaikidwa mu Range Rover Sport kuyambira 2009, imatulutsa mphamvu yoposa ya akavalo 500, ndipo imafuna petulo woyera. Petulo wa ku Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa, kumpoto kwa Salima pa msewu wa M5, inayamba kumupanga kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Ethanol alibe mlandu payekha, koma amayamwa chinyezi, ndipo m'nyengo za kusowa kwa mafuta monga za 2022 ndi 2024, pamene ambiri ankagula petulo wa m'zigubu wosadziwika kumene wagona, madzi ndi zinyalala zinkalowa m'thanki pamodzi naye. Njinga yamoto ya kabaza imameza zimenezi mwakachetechete, pomwe galimoto yapamwamba imayamba kunjenjemera nkulemba P0300, nambala yosonyeza kuti masilinda angapo akuphonya kuyaka, moti imagwira kwaulere ntchito yoyeza ubwino wa mafuta.

Za mchenga nzachidule. Mu Range Rover Sport, pafupi ndi giya pali kosinthira kamene kali ndi gawo lake la mchenga, koma matayala opyapyala a pa marimu a mainchesi 20, opopedwa molimba monga afunikira pa phula, amakumba m'malo moyandama, ndipo galimoto yolemera matani oposa awiri imatitimira mpaka pamimba. Mankhwala ake ndi kuphwetsako matayala, fosholo, ndi asodzi asanu ndi atatu amene angotsika m'bwato la usipa, omwe amamutchula woyendetsayo kuti bwana mwaulemu wonse pamene akukambirana mtengo wokankhira.

Mayeso aakulu amabwera pobwerera ku Lilongwe. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474 pamwamba pa nyanja yamchere, Lilongwe ali cha pa mamita 1,050, ndipo msewu wa M14 umakwera mbali yaikulu ya kusiyanako m'zitunda zolowera ku Dowa, zimene galimotoyi imakwera nthawi zambiri masana a Lamlungu, choziziritsa m'kati chili choyatsa. Cayenne zoyambirira za injini ya V8 zinali ndi mapaipi apulasitiki a madzi oziziritsa injini amene anaikidwa m'chigwa cha pakati pa mizere iwiri ya masilinda, pamwamba penipeni pa sitata, ndipo akang'aluka ndi kutentha madziwo amathira sitatayo, kotero kuti vuto limodzi limabala lachiwiri popanda mwini wake kuvutika kulifunafuna. Woyendetsa wanzeru amaima muvi wa kutentha ukangokwera, nadikira injini izizire asanatsegule chivundikiro cha madzi. Wamakani amapitiriza mpaka gasiketi ya pamutu pa injini itapsa, zimene zimadziwika ndi utsi woyera kumbuyo ndi oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, ndipo amalonda a pa Chezi amapeza kasitomala wa tsiku lonse.

Powerengera phindu, galimoto imodzi yofera ku Senga Bay imadyetsa wakabaza amene amapalasa kukatenga makaniko ku Salima boma, mwini malo ogona amene mlendo wake wa masiku awiri wasanduka wa sabata, mnyamata wolondera usiku, ogulitsa masipeya a ku Biwi mu Lilongwe, ndi wachibale wa ku Johannesburg amene amatumiza pa basi thumba la mpweya limene nthawi zina limafika lili la mbali ina. Toyota Probox, imene anthu amaitama chifukwa sifa wamba, imabwera nkubwerera osasiya kanthu kupatula ndalama ya chambo chimodzi.

Adani a galimotoyi alipo, ndipo onse ali ndi cholinga choitseka pakamwa. Ena amachotsa matumba a mpweya nkuikamo masipuling'i achitsulo, ena amataya thermostat, valavu yosunga kutentha kwa injini pa mlingo woyenera, poganiza kuti dziko lotentha siliyifuna, ndipo ena amangomata tepi yakuda pa kanyali kachikasu. Ochenjera kuposa onsewa amafufuta manambala onse m'kompyuta m'mawa wa tsiku logulitsa, podziwa kuti kanyaliko kamatenga maulendo angapo kasanayakenso pa mavuto ambiri. Komabe galimotoyo siilola kunamiziridwa, pakuti kompyuta yake imasunga chizindikiro chosonyeza kuti mayeso ake a m'kati sanamalizike chifufutireni, ndipo kachipangizo kalikonse ka OBD-II kangathe kuwerenga chizindikirocho m'mphindi ziwiri. Mwayi wa amakaniko a ku Salima ndi wakuti ogula ambiri amathera mphindi ziwirizo akusisita zikopa za pamipando ndi kuyesa wailesi.