Mwana akuwerenga, musamusokoneze

Pa Mtengowanthenga palibe yunivesite, koma akadaulo a maphunziro a ukachenjede alipo ochuluka kuposa mabenchi okhalapo. Ena amapalasa kabaza, ena amakazinga tchipisi m'mbali mwa msewu wa M1, ena ndi odikirira odwala pachipatala cha mishoni amene nthawi yawatalikira. Tchuthi chino ana a ku Bunda, ku Nalikule, ku Zomba, ku Mzuzu ndi ku Thyolo atabwera kumudzi, akadaulowa apeza chofufuza, ndipo chigamulo chatuluka kale: ana athu foni yawadya.

Nkhaniyi inabukira kuchigayo, kumene nkhani zonse zolemera zimayambira. Mayi wina wa cha kumapiri a Dowa anagulitsa mbuzi ziwiri n'kugulira mnyamata wake foni yaikulu ya tachi, poti mnyamatayo ananena kuti masiku ano manotsi onse amaponyedwa pa gulupu ya WhatsApp. Apo sananame. Atabwera kutchuthi ndi asayimenti yoti akapereke potsegulira, mayi anaika lamulo pakhomo: asatumidwe kumjigo, asatumidwe kudimba, wailesi ilire chapansipansi, mwana akuwerenga. Mwanayo n'kumagona chagada pamphasa patsinde pa mango, foni ili m'mwamba, kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka nkhuku kulowa. Tsiku lina mayi anamumva akuseka mpaka kutsamwa.

"Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 5," anatero mayiyo akupukusa chimanga m'lichero, "koma sindinamvepo kuti masamu amaseketsa chotero."

Anaulula ndi kamlongo kake kakang'ono, kazitape wa pakhomopo: achimwene amaonera anthu akuvina pa TikTok. Azimayi a pamzere anagawikana. Ena anati foniyo igulitsidwe, mbuzi zibwerere m'khola. Wina, amene mwana wake amagonera kubala, anati bola wanuyo akuledzera ali pakhomo ndipo sasanza.

Pa siteji ya kabaza mlandu suli pa mwana, uli pa bandulo. Anyamata a pamenepo amadziwa mitengo ya mabandulo kuposa ya feteleza, ndipo mfundo yawo ili ndi mutu. Bandulo yotchipa ndi ija yongotsegula WhatsApp, Facebook ndi zinzake. Yotsegula intaneti yonse, momwe muli mabuku ndi zolemba za akatswiri, ndi yodula. Mwana wa mlimi akakhala ndi kangachepe m'thumba agula iti? Ndiye pali ya usiku, yotchipanso. Wophunzira amaigula ndi mtima woyera, kuti anthu akagona akopere buku la masamba mazana anayi. Asanayambe amati ndione kaye masitetasi. Podzidzimuka tambala walira, bandulo yatha, buku silinafike n'komwe pachikuto.

Amene amalongosola zimenezi ndi mkulu wina wa jekete yachikopa, ndipo polankhula maso ake sanachoke pa foni yake, pomwe kandege ka juga kanali kakukwera ndi ndalama yake ya ndiwo. Agogo ena ofuna kupita kumudzi anaima pambali pake ndi kathumba ka mankhwala, anatsokomola kawiri, kenaka anauyamba wapansi.

Wa Airtel Money ndi Mpamba, amene amakhala pansi pa ambulera yofiira pafupi ndi pokwerera minibasi, akuti kalendala ya mayeso a m'mayunivesite amaidziwa osaiona. Miyezi yoyambirira makolo amatumiza modekha, ya sopo ndi ya ndiwo. Kukatsala mlungu umodzi kuti mayeso ayambe, azibambo amafika thukuta lili kamukamu, njinga yodzala fumbi la ku Ntchisi, kuti mwana waimba, ikufunika ndalama ya fotokope lero lomwe. Manotsi a semesita yonse amafunika tsiku limodzi. Bambo wina akuti anafunsa ngati mapepalawo amaola akasindikizidwa msanga.

Eni nkhani nawo ali ndi pakamwa. Amasonkhana kubabashopu komwe amatchajitsako mafoni, ndipo akayamba kudziteteza umamva kuti fizi sinapite pachabe. Akuti laibulale ili ndi makope owerengeka a buku limene kalasi yonse ikulifuna, ndiye foni ndiyo laibulale yawo. Akuti sukulu zitatsekedwa pa 23 March 2020 chifukwa cha Covid-19, amene anawauza kuti aziphunzira pa foni ndi akuluakulu omwewa, lero atembenuka. Mtsikana wina wa chaka chachitatu ananena mosaphethira kuti mutu wake umatseguka kukatsala usiku umodzi, ndipo kuyamba msanga kumamuwonongera nzeru. Anzake anavomera ngati mpingo. Onse amaidziwa 23:59, mphindi imene khomo lotumizira asayimenti limatsekeka, ndipo onse ali ndi nkhani ya momwe magetsi anazimira kapena netiweki inathawira itangokwana 23:40. Palibe amene anafotokoza chomwe ankachita milungu itatu magetsi akuyaka.

Wometa, amene amamva zonse lumo lili m'manja, anangoti zengerezu adalinda kwaukwau. Mnyamata wa pampando anayankha kuti kuthamanga si kufika. Wometayo anazimitsa makina mutu uli wometedwa theka n'kunena kuti chabwino aise, mbali inayo timaliza mawa. Mtsutso unathera pomwepo.

Kuchokera pomwe ChatGPT inatulukira mu November 2022, usiku womalizawo wafupika. Mphekesera imene ikuyenda pamsika ndi ya wophunzira wina amene anakopera yankho lonse, pamodzi ndi mawu a makinawo omufunsa ngati akufuna kuti amuwonjezere zina. Aliyense amati zinachitikira mnzake wa mnzake, ndipo yunivesite yake imasintha malinga ndi wokamba. A ku Zomba amati ndi ku Mzuzu, a ku Mzuzu amati ndi ku Bunda.

Amene anandikhutiritsa ndi aphunzitsi ena opuma pantchito, omwe amamwa tiyi wa mkaka pa tiyirumu ina m'mawa uliwonse, nyuzipepala yadzulo ili m'khwapa. Iwo akuti foni musaiimbe mlandu wonse, nkhani yagona pa belu. Mwana wochokera ku sekondale yogonera konko, kaya ku Robert Blake ku Kongwe kaya kwina, wakula ndi belu. Belu limamudzutsa, belu limamulowetsa m'kalasi, belu limamuitanira ku pulepu, ndipo pulifekiti amayendayenda kuona amene akusinza. M'sukulu zambiri zotere foni ndi yoletsedwa, akakupeza nayo ndi mlandu wa makolo. Mwana ameneyu amakhoza MSCE ndi mapointi osiririka, dzina limatuluka, mudzi wonse umavina. Akafika ku yunivesite amapeza kuti kulibe woliza belu. Lekichara amalowa, amalankhula ola limodzi, amati asayimenti ifike pakutha pa mwezi, n'kunyamula chikwama chake. Ukapanda kubwera mawa, palibe wodzakugogodera. Ndipo m'thumba muli chinthu chija anakuletsa zaka zinayi, tsopano n'chako, usana ndi usiku.

Aphunzitsiwa anatchula katswiri wa ku America, Barry Zimmerman, amene analemba zambiri za wophunzira wodziyendetsa yekha. Akuti ntchitoyo ili patatu: usanayambe ukonze chomwe ukufuna kumaliza ndi nthawi yake, uli mkati uzidziyang'anira ngati ukadali panjira, ukamaliza udzifunse chomwe chayenda ndi chomwe chakanika. Kenaka anafunsa tebulo lonse kuti ndi kalasi iti, kuyambira Sitandade 1 mpaka Fomu 4, imene mwana anapatsidwapo mpata wochita zimenezi yekha. Zonse ankamuchitira ndi ena. Ife timamuyamikira kuti ndi womvera, kenaka tikudabwa kuti womulamula atachoka waima.

Mlimi wina wa fodya, amene anangolowa kudzagula sikono, ndiye anaimaliza bwino. Anati iye nazale sangaizengereze, chifukwa ukadumpha tsiku limodzi la October osathirira, mawa lake mbande zimakuuza zokha, zagona. Asayimenti imafota mwakachetechete. Uidumphe lero, uidumphe mawa, pepala lili chimodzimodzi, ndipo umadzamva kuti zinauma kalekale tsiku lomwe zotsatira zatuluka, dzina lako lili pa mndandanda wa masapu, kapena zafika poipa akuti wawididwa, nyamula katundu. Apo ine ndikugwirizana nawo onse awiri. Ulesi ulipo, sitikana, koma ana ambiri amene ndimawaona si aulesi. Amachapa, amasesa chipinda, amakonza timetebulo yokongola ya mitundu itatu ya inki, zonsezi pothawa tsamba loyamba limene likuwaopsa. Foni yangokhala pothawira papafupi kwambiri, ndipo anaipanga dala kuti kanema akatha wina aziyamba yekha.

Makolo a kuno ali ndi mkwapulo umodzi umene amaukonda, dzina lake William Kamkwamba. Mnyamata wa ku Wimbe, ku Kasungu kwapafupi apa, amene anasiya sekondale chifukwa cha fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, n'kumakabwereka mabuku ku kalaibulale kakang'ono, mpaka anamanga makina a mphepo opangira magetsi ndi zidutswa za njinga. Anadzamaliza digiri ku Dartmouth ku America mu 2014, ndipo filimu ya moyo wake inatuluka mu 2019. Palibe mwana wa ku koleji m'dera lino amene sanakwapulidwepo ndi dzina limeneli pa nthawi ya nsima. Mmodzi wa iwo, atatopa nazo, anayankha atsibweni ake kuti Kamkwamba analibe TikTok. Atsibweniwo anafuna kukwiya, koma mwanayo sanalakwe kwenikweni: intaneti Kamkwamba anaidziwa bwino mu 2007, pa msonkhano wa TED ku Arusha, makina ake atazungulira kale zaka zingapo.

Mkwapulo wachiwiri ndi Dzaleka. Msasa wa othawa kwawo umenewu, womwe unatsegulidwa mu 1994 pamalo pomwe kale panali ndende, uli m'boma lathu lomwe lino, ndipo kuyambira 2010 a Jesuit akhala akuthandiza achinyamata a kumeneko kuphunzira za ukachenjede kudzera pa intaneti. Amene amapitako kukagula ndi kugulitsa amabwera ndi nkhani ya anyamata ndi atsikana olimbirana kompyuta, aliyense ndi ola lake. Ndiye amati onani anzanu. Ine ndimaona kuti chinsinsi chili pa ola lomwelo. Amene wapatsidwa kompyuta ola limodzi, mnzake akudikira pakhomo, alibe mpata woonera ovina. Wathuyu ali nayo maola onse, n'chifukwa chake alibe ola ngakhale limodzi.

Mankhwala akuperekedwa ambiri. Mkulu wa mpingo wina akuti achinyamata azisala foni monga amasalira chakudya. Mnamwino wina anabweretsa njira ya Francesco Cirillo wa ku Italy: uwerenge mphindi 25 osagwira china chilichonse, upume mphindi 5, ubwerezenso. Atanena kuti mwini njirayo ankayeza nthawi ndi kawotchi ka kukhitchini kooneka ngati tomato, mayi wogulitsa tomato pambali pake anati wakhala akunena kuti katundu wakeyu anthu amamupeputsa. Vuto ndi loti kawotchi kotere kuno kulibe, ndiye nthawi uyezera pa foni yomweyo, ndipo poyang'ana ngati mphindi 25 zakwana umapeza mauthenga khumi ndi awiri akukudikira.

Atsikana anayi a mudzi wina cha ku Mponela apangana zawo. Amakumana m'kalasi ya pulayimale masana, mafoni onse m'poto, chivundikiro pamwamba. Woyamba kuvundukula amagula mandasi a onse. Akuti mlungu woyamba ananenepa.

Koma nkhani imene yasangalatsa anthu kwambiri ndi ya aphunzitsi ena aakazi a pulayimale, amene akuchita digiri ya maphunziro a patali, aja amapita ku koleji milungu yochepa n'kubwerera kudzawerengera kunyumba. Awa belu alibiretu, ali ndi kalasi ya ana osawerengeka, mwana kumsana ndi dimba. Loweruka lililonse m'mawa amakopera m'kope zonse zofunika, kenaka amapita kwa wotchaja mafoni n'kusiya foni yawo, batire lili lodzaza. Mnyamata wa pashopuyo anawauza kuti amayi, iyitu ndi yodzaza kale. Iwo anati ndikudziwa, mwana wanga, ingoisunga, ndipo ndikabwera isanakwane 4 koloko usandipatse ngakhale ndilire. Amalipira mtengo wonse wa kutchaja. Zikumveka kuti sanalembepo sapu.

Nkhaniyi itafala, ana a kutchuthi angapo ayamba kutengera, ndipo mnyamata wa pashopuyo wapeza bizinesi imene sanaiganizire. Wapatula dilowa yapadera ya mafoni osungitsa. Akudandaula kuti dilowayo imanjenjemera tsiku lonse, komanso kuti makasitomala atsopanowa sali ngati aphunzitsi aja. Mnyamata wina wa chaka choyamba anasiya foni 8 koloko, 9 koloko anabwera kuti angoiona, 10 koloko anabweranso kuti mwina kunyumba aimba, chonsecho kunyumbako ndi kumene akuchokera. Tsopano pakhoma pali chikatoni cholembedwa ndi makala: kusungitsa mtengo wake ndi womwewo wa kutchaja, kudzazonda foni ndi ndalama ina.