Ulemu upite kwa a Chisokonezo

Timatamanda nsanja za mafoni, timatamanda 5G, koma palibe amene amawombera m'manja a Chisokonezo, mkulu uja amafika osaitanidwa mafoni awiri akalankhula pa funde limodzi nthawi imodzi. Chonsecho ndi iwowa akhala akudyetsa mainjiniya ndi ana awo kuyambira kalekale.

Mu 1947 Douglas Ring wa ku Bell Labs anaganiza zogawa mzinda m'timadera ting'onoting'ono, kalikonse ndi nsanja yake, kuti funde limodzi ligwirenso ntchito kutali komwe a Chisokonezo sangafike. Nzeru yonseyo inabadwa chifukwa choopa mkuluyu.

Netiweki ya mafoni ya GSM itayamba mu 1991, mafoni 8 ankagawana funde limodzi, iliyonse kudikira nthawi yake. A Chisokonezo anangoseka. Kusinthana kumeneku kunkachititsa foni kuyatsa ndi kuzimitsa mphamvu zake ka 217 pa sekondi, ndipo iwo anadzera pomwepo n'kukalowa m'masipika. Abusa ali pakati pa ulaliki, mumangomva didi, didi, dididi! Mpingo wonse wadziwa kale kuti foni ya wina kutsogolo kuja ili pafupi kulira, mwini wake akadali m'pemphero. Ulosi wotere mungaupeze kuti?

A kampani ya Qualcomm ndi njira yawo ya CDMA anati onse alankhule pamodzi, aliyense ndi chizindikiro chake. Apo mkulu wathu anaonetsa kuti foni yoyandikira nsanja imaphimba yakutali, monga chidakwa pabwalo la milandu. Mankhwala ake, nsanja inayamba kulamula foni iliyonse kukweza kapena kutsitsa mawu ka 800 pa sekondi. Palibe nyakwawa inaphunzitsapo anthu ake khalidwe mwakhama chonchi.

Nanga ndalama? Popanda a Chisokonezo, ndani akanalipira kuti akhale ndi funde lakelake? Mu 2000 boma la Britain linatola mapaundi 22.5 biliyoni pogulitsa ziphaso za mafunde a 3G, katundu wosaoneka ndi maso. Kuno kwathu a MACRA nawo ali pa ntchito yogawa mafunde chifukwa cha mkulu yemweyu.

Tsono mukaima pamalire a nsanja ziwiri, timizere ta netiweki tili bwinobwino koma intaneti ikukwawa, musathamangire kutukwana foni yanu. A Chisokonezo ali pa ntchito, apatseni mpata adutse.